Buku loluma, buku losamba nalo, buku lomvetsera: kusankhira makanda ndi ana osakwana zaka zitatu

Mabuku a ana aang'ono amagulidwa ndi akuluakulu, ndipo opanga mabuku amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake malonjezo a kumbuyo kwa chikuto amalunjika kwa kholo: akuti bukuli likulitsa ubongo, akuti mwana adziwa mawu 100 asanayambe kuyenda. Mwana wa miyezi 7 alibe nazo ntchito zimenezo. Mukamupatsa buku amayamba walilawa, kenako amalimenyetsa pansi kuti amve kulira kwake, likamusangalatsa n'kulibwezanso m'kamwa.

Komabe kuwerengera mwana wotereyu si kutaya nthawi. Mu 2014 bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linalangiza madokotala kuti azilimbikitsa makolo kuwerengera ana mokweza kuyambira ali makanda. Chimene mwana amapindula nacho pamenepo ndi mawu a munthu amene wamufungata, kuloza, kufunsana ndi kuyankhana. Choncho buku lililonse ndikuliyeza ndi mafunso awiri. Kodi lipirira manja ndi mano a mwana pa msinkhu umene ali lero? Nanga likupatsani inuyo zolankhula naye?

## Zoyang'ana musanagule

Maso ndi manja. Khanda longobadwa kumene limaona bwino zinthu zimene zili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, ndipo limakopeka ndi nkhope za anthu komanso zakuda zojambulidwa pa zoyera. Pofika miyezi 4 kapena 5 mwana amasiyanitsa bwino mitundu ndipo amatambasula dzanja kuti agwire chimene waona. Cha pa miyezi 6 mano amayamba kumera, ndiye chilichonse chimathera m'kamwa. Pakati pa miyezi 9 ndi 12 amayamba kutola tinthu ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo amatha kutembenuza masamba okhuthala, awiri kapena atatu nthawi imodzi. Kutembenuza tsamba lopyapyala limodzilimodzi osaling'amba kumabwera mochedwa, kwa ana ambiri akakwanitsa zaka 2 kapena kupitirirapo. Msinkhu wolembedwa pachikuto ungokuthandizani poyambira. Zala za mwana wanu ndi zimene zikuuzeni zoona.

Zithunzi. Judy DeLoache ndi anzake, ofufuza za kakulidwe ka ana, anaona kuti makanda a miyezi 9 amayesa kutola chinthu chojambulidwa ngati kuti chingachoke papepala, pamene ana a miyezi 19 amangochiloza. Kudziwa kuti chithunzi chikuimira chinthu china n'kophunzira, sikobadwa nako. Kafukufuku wina wa 2008 wa Patricia Ganea ndi anzake anapeza kuti ana a miyezi 15 ndi 18 amalumikiza mosavuta dzina la m'buku ndi chinthu chenicheni ngati chithunzicho chikufanana kwambiri ndi chinthucho. Kwa mwana wosakwana zaka 2, galu wooneka ngati galu amaposa galu wovala chipewa woyendetsa ndege. Chinthu chimodzi kapena ziwiri patsamba, kumbuyo kopanda zambiri, n'zokwanira.

Mawu. Wowerenga ndinu, ndipo buku likakondedwa mudzaliwerenga mpaka kuliloweza pamtima. Musanagule, werengani masamba awiri mokweza. Ngati lilime likupunthwa kapena mwatopa nalo kale, lisiyeni. Kubwereza kumene ana amakakamirako kuli ndi ntchito yake: mu 2011 Jessica Horst ndi anzake a ku University of Sussex anapeza kuti ana a zaka 3 amene anamva nkhani imodzi mobwerezabwereza anagwira mawu atsopano kuposa amene anamva mawu omwewo m'nkhani zosiyanasiyana. Mabuku ochepa amene mungapirire kuwabwereza amaposa shelefu yodzaza.

Chitetezo. Malamulo a zoseweretsa ana ku Ulaya ndi ku America, EN 71 ndi ASTM F963, amayeza tizidutswa ndi kachubu ka m'mimba mwake mamilimita pafupifupi 32. Chimene chalowa chonse m'kachubuko chingatsamwitse mwana wosakwana zaka 3. Chizindikiro cha CE pachikuto chimatanthauza kuti wopanga wanena yekha kuti watsatira malamulo a ku Ulaya, ndipo kuchisindikiza mwachinyengo n'kosavuta. Ndiye yesani nokha: kokani chilichonse chomatidwa kapena chosokereredwa ndi mphamvu zimene mwana wolusa angakoke nazo.

## Mabuku a katoni

Awa ndi aja masamba ake onse ndi okhuthala ngati chikuto, okutidwa ndi kapulasitiki kowala. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 2 ndi theka, ndi amene amagwira ntchito yaikulu.

Mtengo. Mukawerengera tsamba ndi tsamba, ndi okwera mtengo kuposa mabuku a mapepala wamba, chifukwa ambiri amakhala ndi masamba 10 mpaka 24 okha. Koma buku limodzi labwino limatha kulera ana awiri kapena atatu. Timabuku ting'onoting'ono togulitsidwa pamodzi m'kabokosi timatsika mtengo, ngakhale kawirikawiri pa timabuku 6 mumapeza tiwiri tokha timene mwana angabwerereko.

Kupezeka. Amapezeka mosavuta kuposa mitundu ina yonse, makamaka m'zilankhulo zikuluzikulu za dziko lapansi. M'zilankhulo zina ndi osowa, chifukwa kupanga buku la katoni kumafuna makina apadera ndipo kumapindulitsa pokhapokha asindikizidwe ambiri nthawi imodzi. Zimenezi zisakudetseni nkhawa kwambiri: khanda siliwerenga, ndipo chithunzi cha mpira mungachitchule m'chilankhulo cha pakhomo panu ngakhale pansi pake palembedwa zina. Amene amavuta ndi mabuku a ndakatulo, popeza kukoma kwake kuli m'kamvekedwe ka mawu, ndipo kumatayika mukamamasulira uku mukuwerenga.

Pali msampha umodzi umene anthu ambiri amagweramo. Osindikiza amatenga nkhani yolembera ana a zaka 4 kapena 5 n'kuiika pa masamba a katoni chifukwa imagulidwa kwambiri. Nthawi zina amadula nkhaniyo mpaka kusowa mutu, nthawi zina amapanikiza mawu onse ndi zithunzi zochepetsedwa pa katsamba kakang'ono. Kulimba kwa masamba sikutanthauza kuti zam'katimo n'za khanda. Ngati tsamba lili ndi ziganizo zopitirira ziwiri, mwana wa chaka chimodzi adzalitembenuza musanafike pakati.

Kusamalira. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, kenako imikani bukulo lotsegula kuti liume. Musaliviike m'madzi, chifukwa katoni ikamwa madzi imafufuma ndipo sibwereranso. Malo oyamba kuwonongeka ndi msana wa buku ndi makona. Msana mungaumate ndi tepi yotakata yolimba, bola m'mphepete mwa tepiyo musatukuke.

Zoopsa. Mwana akakukuta kona kwa nthawi yaitali, malovu amafewetsa katoni, kapulasitiki ka pamwamba kamasendeka, ndipo tizidutswa timatsalira m'kamwa. Buku likafika pamenepo, dulani mbali yofumukayo kapena lichotseni. Sankhani a makona ozungulira. Mabuku akuluakulu a katoni ndi olemera, ndipo mwana woyamba kuyenda akaligwetsera pachala chakuphazi mudzamva.

## Mabuku a nsalu

Mtengo. Nthawi zambiri amaposa a katoni, chonsecho masamba ndi ochepa ndipo mawu mwina mulibe. Wodziwa kusoka angapange lake ndi zidutswa za nsalu.

Kupezeka. Muwafunefune pamene pali zoseweretsa za makanda, chifukwa ogulitsa ambiri sawaika pamodzi ndi mabuku. Kunena zoona sakulakwitsa: ambiri mwa iwo ndi zoseweretsa zokhala ndi masamba.

Kusamalira. Apa ndi pamene amapambana. Amachapika, sang'ambika, ndipo sapweteka mwana wa miyezi 4 akadzimenya nawo kumaso. Chofunika n'kuumitsa mpaka m'kati, popeza ambiri amakhala ndi thonje kapena siponji imene imasunga chinyezi n'kuyamba kununkha. Lichapeni musanapatse mwana koyamba, ndipo ngati madzi asintha mtundu dziwani kuti utoto womwewo ukanathera m'kamwa mwake.

Zoopsa. Mabatani, mikanda, timaso tomatidwa ndi tizingwe titalitali. Ulusi wosomphoka ukhoza kukulunga chala cha khanda n'kuletsa magazi kuyenda, choncho muziona misoko mukatha kuchapa. Musasiye buku la nsalu pamene khanda lagona: malangizo a madokotala a ana ndi akuti mwana wosakwana chaka azigona pamalo opanda zinthu zofewa zimene zingamutseke mphuno. Limodzi ndi lokwanira, ndipo mwana akafika chaka nthawi zambiri amakhala atalitaya kale.

## Mabuku osaopa madzi

Alipo a mitundu iwiri: ofutukuka a pulasitiki osamba nawo, ndi opyapyala opangidwa ndi pepala lochita kupanga ndi ulusi wa pulasitiki, limene siling'ambika ngakhale mwana alikoke ndi mano.

Mtengo. Onse awiri amakhala otsikirapo kapena ofanana ndi kabuku kakang'ono ka katoni.

Kupezeka. Osamba nawo ndi ofala. Osang'ambikawo ndi osowa, ndipo mitu yake ndi yochepa.

Kusamalira. Tsukani, tsegulani masamba, yanikani. Losamba nalo likabooka pamsoko, madzi amalowa mu siponji ya m'kati ndipo limachita chuku pamene simungafikepo. Likatero palibe kukonza, n'kutaya basi. Osang'ambikawo amakwinyika n'kuoneka okalamba msanga, koma amagwirabe ntchito.

Zoopsa. Mayiko a ku Ulaya ndi America analetsa mankhwala ena ofewetsera pulasitiki, otchedwa phthalates, m'zoseweretsa za ana. Buku lopanda dzina la wopanga, lonunkha kwambiri mukangolitulutsa m'pepala lake, musalipereke kwa mwana amene akumera mano. Ndipo buku la m'bafa lisakhale chifukwa chosiyira mwana yekha m'madzi ngakhale kwa kamphindi.

## Mabuku a tizitseko, osisita ndi otumphuka

Mwana amavundukula kachitseko n'kupeza mphaka, amasisita ubweya wa nkhosa, kapena amatsegula tsamba nyumba n'kudzuka. Ana amawakonda, ndipo akuluakulu ogula mphatso amawakonda kuposa anawo.

Mtengo. Okwera, chifukwa mbali zambiri zimamatidwa ndi manja kufakitale. Otumphuka ndi amene amadula kwambiri komanso amafa msanga.

Kupezeka. Ndi ofala kulikonse kumene kuli mabuku a katoni. Ogwiritsidwapo kale ntchito kawirikawiri amakhala atathothoka tizitseko, choncho tsegulani tsamba lililonse musanalipire.

Kusamalira. Kachitseko ka pepala lopyapyala sikakhalitsa m'manja mwa mwana wa chaka chimodzi. Tizitseko ta nsalu yokhuthala kapena timatabwa ta katoni tosuntha m'kati mwa tsamba timapirira kwambiri. Ubweya ndi tinsalu tosisita timagwira litsiro ndipo sitichapika bwino.

Zoopsa. Kachitseko kothothoka kamalowa m'kamwa. Koma palinso vuto lina losaoneka. Mu 2010 wofufuza wina, Medha Tare, ndi anzake anayerekeza mabuku wamba ndi mabuku okhala ndi zokoka ndi zotumphuka, ndipo anapeza kuti ana aang'ono anaphunzira zochepa kuchokera ku mabuku a zosunthawo. Manja akatanganidwa, makutu amatsalira. Sindikunena kuti muwapewe. Mwana wosakhazikika, amene sakhala pamiyendo ngakhale mphindi imodzi, kachitseko kakhoza kukhala chinthu choyamba chimene chingamukhazike pansi ndi buku. Abwino ndi aja kachitseko kake kamayankha funso la m'nkhani, monga "ndani wabisala apa?", chifukwa pamenepo mumapeza mpata wofunsa, kudikira, ndi kudabwa naye limodzi. Amene angomata chonyezimira pa tsamba lililonse popanda chifukwa ndi ongodya ndalama.

## Mabuku olira

Awa ali ndi mabatani: mwana akadina, ng'ombe imalira kapena nyimbo imayamba. Pa mitundu yonse, uwu ndi umene ndimaukayikira kwambiri.

Mtengo. Ali m'gulu la odula kwambiri, ndipo mabatire amafuna kugulidwa mobwerezabwereza.

Kupezeka. Sasowa, makamaka nyengo zogula mphatso. Mawu ojambulidwamo amakhala a chilankhulo chimodzi, ndipo mosiyana ndi zilembo za papepala simungawasinthe powerenga.

Kusamalira. Sagwirizana ndi madzi kapena malovu. Kachipangizo kolirako kakafa, mumatsala ndi buku lolemera limene nkhani yake inali yofooka kuyambira pachiyambi.

Zoopsa. Ambiri amayendera timabatire tozungulira tophwatalala. Mwana akameza kabatire kotere n'kukakamira kum'mero, kamayambitsa mphamvu ya magetsi imene imawotcha mnofu, ndipo chilonda choopsa chikhoza kuchitika m'maola awiri okha. Toopsa kwambiri ndi ta lithium ta mamilimita 20, ndipo ngakhale kabatire kooneka ngati katha mphamvu kamavulazabe. Musagule buku limene chotsekera mabatire ake chimatseguka ndi chikhadabo. Chiyenera kukhala chomangidwa ndi kasikuluwu. Mukakayikira kuti mwana wameza kabatire, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira zizindikiro, ndipo musamusanzitse. Onaninso kukula kwa phokoso, chifukwa ana amakonda kugunditsa bukulo kukhutu.

Kupatula ngozi, pali nkhani ya kuyankhulana ija. Mu 2016 wofufuza wina, Anna Sosa, anajambula mawu a makolo 26 akusewera ndi ana awo a miyezi 10 mpaka 16. Pamene ankagwiritsa ntchito zoseweretsa zolankhula za mabatire, makolo analankhula mawu ochepa ndipo kuyankhana kunachepa poyerekeza ndi pamene ankaona mabuku wamba. Iye anayesa zoseweretsa, osati mabuku olira enieniwo, koma chimene chimachitika n'chofanana: chipangizo chikamalankhula, wamkulu amakhala chete. Ng'ombe yolira ndi pakamwa panu imaposa ya batani, chifukwa mwana amaona milomo yanu n'kuyesa kutsanzira.

## Mabuku a zithunzi a mapepala wamba

Ambiri amakhala ndi masamba 32, chifukwa amasindikizidwa pa mapepala akuluakulu amene amapindidwa kukhala masamba 8 kapena 16. Nkhani zabwino kwambiri ndi zojambula zokongola kwambiri zili m'gulu limeneli, ndipo masamba ake akuluakulu amapatsa wojambula malo obisa tinthu timene mwana adzatulukira pa ulendo wachisanu.

Mtengo. A chikuto chofewa ndi otsika mtengo kuposa ena onse mukaganizira kuchuluka kwa nkhani. A chikuto cholimba amadula, koma kumbukirani kuti cholimba ndi chikuto chokha, masamba am'kati amang'ambika chimodzimodzi.

Kupezeka. Ndi amene mungawapeze m'zilankhulo zambiri, m'malaibulale, ndi kwa anzanu amene ana awo akula. Kubwereka kumathandiza kwambiri apa, popeza simungadziwiretu nkhani imene mwana adzaikonde. Bwerekani kaye, gulani imene akuilirira pobweza. M'gulu lomweli muli mabuku opanda mawu, a zithunzi zokhazokha, amene amathetseratu vuto la chilankhulo ndipo agogo, mlezi kapena mkulu wake wa mwanayo amene sanayambe kuwerenga angawafotokoze m'njira yawoyawo.

Kusamalira. Asungeni pamwamba, pouma, ndipo muziwatsitsa pa nthawi yowerenga limodzi. Tsamba likang'ambika limateni mwana akuona, chifukwa pamenepo amaphunzira kuti buku limasamalidwa. Chinyezi, chiswe ndi mphemvu zimawononga mabuku otere kuposa ana.

Zoopsa. Pepala lotafunidwa limasanduka kampira kotsamwitsa, m'mphepete mwa tsamba latsopano mumacheka, ndipo timawaya tomangira pakati pa buku timatha kutukuka n'kubaya. Pa mabuku akalekale samalani: bungwe loona za chitetezo cha katundu ku America, CPSC, malamulo okhudza mtovu atakhwimitsidwa mu 2009, silinaone vuto ndi mabuku wamba a ana osindikizidwa pambuyo pa 1985, koma akale kuposa pamenepo ena anasindikizidwa ndi inki yokhala ndi mtovu. Buku limene munakulira nalo inuyo muwerengereni mwana lili m'manja mwanu, asalilume.

## Mabuku a pa foni ndi tabuleti

Mtengo. Ngati foni muli nayo kale, ambiri ndi aulere. African Storybook ndi Book Dash, zoyambira ku South Africa, komanso StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books ku India, zimapereka nkhani za zithunzi pa intaneti kwaulere, ndi chilolezo choti aliyense akhoza kuzikopera, kuzimasulira ndi kuzisindikiza. Mapulogalamu ena amalonda amayamba mwaulere kenako n'kumafuna ndalama mwezi ndi mwezi.

Kupezeka. Palibe mtundu wina umene ungafanane nawo, makamaka kwa amene akufuna nkhani m'zilankhulo za mu Africa ndi Asia zimene osindikiza akuluakulu sazilabadira. Zambiri mwa nkhanizo n'zolembera ana okulirapo, ndiye sankhani za gawo loyambirira, zosavuta kwambiri.

Kusamalira. Buku silitha, koma foni imasweka, ndipo malovu ndi mdani wake.

Zoopsa. Malangizo a 2019 a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhale pansi n'kumaonera sikirini, ndipo wa zaka 2 asapitirire ola limodzi patsiku. Malangizo omwewo amalimbikitsa kuwerenga ndi kusimba nthano ndi womulera. Chaka chomwecho Tiffany Munzer ndi anzake a ku University of Michigan anaonerera makolo 37 akuwerenga ndi ana awo a zaka 2 mpaka 3, ndipo anapeza kuti pa tabuleti ankakambirana zochepa za nkhaniyo kusiyana ndi pa buku la pepala. Mawu ambiri ankathera pa chipangizocho: usadine apo, dikira, bweretsa kuno. Onjezani zotsatsa malonda ndi mauthenga olowa pakati pa nkhani. Njira yabwino yogwiritsira ntchito chuma chimenechi ndi kusankha nkhani pa foni n'kuisindikiza papepala.

## Mabuku odzipangira

Mtengo. Wochepa zedi: zithunzi zosindikiza, katoni yoyera, guluu wopanda poizoni, kapena kabuku kosungira zithunzi kokhala ndi timatumba ta pulasitiki.

Kupezeka. Zimadalira nthawi yanu basi. Phindu lake palibe wosindikiza angalipereke: nkhope za anthu a m'banja, kapu ya mwanayo, nsapato zake, ndi mawu olembedwa m'chilankhulo chimene amamva tsiku ndi tsiku. Poganizira zija zoti ana aang'ono amamva msanga zithunzi zofanana ndi zinthu zenizeni, buku lotere lili patsogolo kale.

Kusamalira. Silikhalitsa pokhapokha mutakuta masamba ndi pulasitiki, koma likatha mumapanga lina logwirizana ndi msinkhu watsopano.

Zoopsa. Palibe amene analiyeza, woyeza ndinu. Pewani timawaya, mapini ndi mikanda, zungulizani makona, ndipo ngati mwamanga masamba ndi chingwe chikhale chachifupi ndi chomangitsa. Inki ya makina ambiri osindikizira a kunyumba imasungunuka ndi malovu, choncho tsamba losakutidwa lisapite m'kamwa.

## Ndiye mutenge liti?

Ngati khanda silinakwane miyezi 4, musawononge ndalama. Kabuku kamodzi ka zakuda ndi zoyera kapena ka nkhope za anthu n'kokwanira, ndipo pa msinkhu umenewu mungamuwerengere chilichonse chimene inu mukuwerenga, popeza chimene akutsatira ndi mawu anu.

Kuyambira miyezi 4 mpaka chaka, pamene zonse zikupita m'kamwa, tengani la nsalu limodzi kapena losang'ambika limodzi loti azichita nalo zimene akufuna, ndi timabuku tiwiri kapena titatu ta katoni ta zithunzi zenizeni toti muziona limodzi.

Wa chaka chimodzi mpaka ziwiri, amene akuloza chilichonse n'kumafuna dzina lake, ndiye mwini mabuku a katoni. Asiyeni pansi pamene angawafikire yekha. Ngati ndi wothamangathamanga, onjezani limodzi la tizitseko tolimba, ndipo musakakamire kumaliza nkhani: masamba atatu lero n'kuwerenga ndithu.

Akapitirira zaka 2 n'kuyamba kufunsa chimene chichitike kenako, yambani nkhani za mapepala wamba, zobwereka ngati n'kotheka, uku a katoni akadali m'manja mwake pa nthawi imene ali yekha.

Ngati ndalama ndi zochepa, dumphani olira ndi otumphuka. Gulani a katoni awiri amene mwawawerenga mokweza n'kuwakonda, pangani limodzi la zithunzi za m'banja, ndipo zotsalazo sindikizani kuchokera ku nkhani zaulere zija. Ngati chimene chikusowa ndi mabuku a chilankhulo chanu, njira ndi yomweyo, kuphatikizapo mabuku opanda mawu.

Kumalo osungirako ana ambiri, kumene buku limodzi limadutsa m'kamwa zingapo pa tsiku, sankhani opukutika ndi ochapika, ndipo a mabatire asalowe n'komwe. Paulendo, kabuku kosang'ambika kamalowa m'thumba lililonse, ndipo nkhani ya pa foni yowerengera limodzi ndi mwana wa zaka 2 si tchimo ngati mwazimitsa intaneti ndipo foniyo ili m'manja mwanu.

Kwa mwana amene saona bwino, mabuku osisita okhala ndi zinthu zosiyana kwenikweni pozikhudza komanso zithunzi zikuluzikulu za mitundu yosiyana kwambiri amachoka pa zokongoletsa n'kukhala ofunika, ndipo apa ngakhale buku lolira lili ndi malo ake, bola chotsekera mabatire chikhale chomangidwa.

Ngati mukugulira mwana wa mnzanu mphatso, funsani makolo ake mabuku amene ali nawo kale ndi chilankhulo chimene amamulankhulira. Mukalephera kufunsa, tengani la katoni la msinkhu wotsogola pang'ono, chifukwa mphatso za khanda longobadwa kumene zimachuluka, pamene za mwana wa miyezi 18 zimasowa.